Nkhani Yabwino, Mayi a Mapasa

Mayi a mapasa, telala wosokera pakhomo, atawayeza kuchipatala m'mawa anawapeza ndi bipi yoti ikanakhala galimoto apolisi akanaiimitsa, ndipo anesi, amene amakhala mumsewu womwewo, anagamula kuti mayiwo akhale pampando masana onse, asagwire kanthu, azimva zabwino zokhazokha, ndipo madzulo poweruka iwo adzera pakhomo ndi kamakina koyezera: akaipeza idakali m'mwamba, ndi bedi m'chipatala sabata yathunthu. Anesiwo analakwitsa pamodzi pokha, pamene anatembenukira kwa mwamuna wa mayiwo, mlonda wa pageti la nyumba yosungiramo katundu, n'kunena kuti, "Inu si mlonda? Alondereni."

"Bambo a mapasa, chipewa chakuntchito m'nyumba muno n'chachiyani?"

"Ndili pantchito."

"Lero ndi tsiku lanu lopuma."

"Linali. Anesi andipatsa geti latsopano." Anaima pakhomo la pabalaza, miyendo tang'a, vesiti m'thupi, wenzulo m'khosi.

"Chabwino, londerani. Ine ndingokaona nyemba pamoto, ndibweranso pompano."

Fyeee!

"Mayo ine! Mukufuna kundiphulitsa mutu?"

"Khalani pansi."

"Anati ndizimva zabwino. Wenzulo ndi zabwino zimenezo?"

"Ndi watsopano. Tambasulani manja."

"Eti?"

"Kuntchito aliyense timamusecha."

"Mumasecha otuluka. Ine mwanditsekera."

"Amene sakutuluka ndi amene amakhala ndi zambiri."

Pa kolala ya bulauzi anapeza singano. M'khosi, tepi yoyezera. M'thumba, mabatani. Kenako anawauza kuti apendekeke pang'ono, ndipo pansi pa khushoni anasololapo sokosi ya mwana yobooka, ulusi uli lende.

"Iyi yafika bwanji pansi panu?"

"Yabwera yokha."

"Onse amatero."

"Aa, bambo inu, kusoka kasokosi ndi ntchito? Kumeneko ndiko kupuma kwanga. Manja angawa akakhala chete amayabwa."

"Akandeni." Anaganiza pang'ono. "Ayi, kukanda n'kugwira. Asiyeni ayabwe."

"Ndiye ngati ine sindidzuka, pitani inuyo mukaphule nyembazo."

"Mlonda sachoka pageti."

"Khitchini ili apo! Mutayetsemula, mphika ukhoza kuvundukuka!"

"Ndikangotembenuka, mupezeka pa makina. Ndimakudziwani. Munasoka diresi ya mkwatibwi matenda a mapasa atayamba kale."

"Unatsala mpendero wokha!"

"Oyendetsa galimoto anadikira panja mpaka kuwodzera."

"Koma mkwatibwi anatchena kapena sanatchene?"

"Anatchena. Inu munatsala pang'ono kuchirira pampando wakumbuyo."

Mayi anapinda manja n'kufwenthera chakumbali. "Ndiye ntchito yanu pamenepo n'chiyani? Kukongoletsa khomo?"

"Kuona ndi kupereka lipoti. Pano ndikuona khitchini, ndikuona kolido, ndikuona pazenera. Katundu wa eni sitigwira."

"Ana anu omwe ndi katundu wa eni?"

"Ali kunja kwa geti langa."

Mlonda ananunkhiza m'mwamba. Anakonza kukhosi, n'kumenya sawatcha.

"Nkhani yabwino, mayi a mapasa."

"Iti?"

"Nyemba zija zapsa."

"Ndiye ziphuleni!"

"Zapsa ndithu. Lero palibe adandaule kuti n'zosapsa."

"Fungo ili n'lopserera, bambo inu!"

"Udzudzu wonse watuluka m'nyumba."

"Nyumba ipsa!"

"Nkhani yabwino inanso: magetsi athima. Sitovu yazima yokha."

"Ndiye chokani pakhomopo, popanda magetsi ndikagwira ntchito yanji?"

"Makina anu ndi opalasa ndi mwendo. Sindinabadwe dzulo."

Panapita kanthawi. M'nyumba munali zii, ndipo zimenezi n'zimene zinawaopsa mayi. Mapasa awo anyamata anthu anawatcha Nyundo ndi Msomali, poti wina amamenya, wina amamenyedwa, koma sasiyana, ndipo chibadwire chawo nyumbayo inali isanakhalepo chete.

"Anawa ali kuti?"

Mlonda anasolola khosi kuyang'ana m'kolido. Anabweza mutu pang'onopang'ono.

"Nkhani yabwino. Lero akusewera mogwirizana."

"Akusewera ndi chiyani?"

"Funso limenelo yankho lake si labwino. Sindiyankha."

"Bambo a mapasa!"

"Dikirani kaye ndilipezere ubwino." Anayang'ana kudenga, milomo ikugwedera. "Eya. Msomali safunanso ometa mwezi uno."

"Chiyani?"

"Mbali imodzi."

"Sizasi yanga yodulira nsalu!"

"Musavutike, Nyundo waisiya kale."

"Zikomo Ambuye."

"Wapeza ufa."

"Ufa!"

"Akupaka pamene wameta paja. Mwana wanzeru. Kuchokera pano sizikuoneka n'komwe."

Mayi anadzambatuka. Fyeee!

"Ndipatseni njira!"

"Bedi."

"Ndingowalanda ufawo!"

"Bedi, mayi a mapasa. Sabata yathunthu. Madiresi a eni ake ali pamsomali, inu mukuyang'ana botolo la madzi likudontha."

Anabwerera pampando ngati thumba logwa pangolo. "Ine kugona m'chipatala? Nyumba ino ingagwe dzuwa lisanalowe."

"Mutu umodzi susenza denga."

"Langali ndasenza ndekha chikwatiwire. Linagwa?"

"Denga lili bwino. Anesi akuti mutuwo ndi umene wayamba ming'alu."

"Anesi ali ndi mapasa?"

"Ali ndi kamakina. Tsopano ganizani zabwino."

"Monga ziti?"

"Ine pageti ndikasowa chochita ndimayang'ana nyerere."

"Zimakuuzani chiyani?"

"Palibe. Zimangodutsa. Sizivuta kusecha."

"Ndinakwatiwa ndi munthu woyang'ana nyerere."

"Chabwino, ganizani tsiku limene tinakumana."

"Ndinabwera kudzatenga mpukutu wa nsalu, inu munandisecha chikwama."

"Ndinapezamo chiyani?"

"Munati mwapezamo mkazi."

"Ndinanama? Taonani, mwamwetulira."

"Sindinamwetulire. Dzino likundiwawa."

Padenga panamveka tho, tho, kenako waaa. Mlonda anasuzumira pazenera n'kumenyanso sawatcha.

"Nkhani yabwino."

"Musanene."

"Zovala zili pachingwe zikutsukuluzidwa kachiwiri, popanda wotunga madzi."

"Zinauma kale zimenezo! Ndinazichapa tisanapite kuchipatala, mutu ukugunda ngati ng'oma!"

"Ndiye mwaona? Lero mwapeza wokuthandizani."

"Bambo a mapasa, anesi akafika akandipeza ndili m'manja mwa apolisi. Mukudziwa chifukwa chake?"

"Kumenya mlonda n'kugwira. N'koletsedwa."

Pamenepo buluku la mlonda linakokedwa chakumunsi. Kamzime, mwana wawo wamkazi wotsiriza, amene anali chigonere pamphasa m'kolido, anali atakwawa mpaka pakhomo, ndipo tsopano ankakwera mwendo wa bambo ake ngati mtengo. Anaima. Anasuzumira pakati pa miyendo iwiriyo n'kuona amayi ake.

"Imani pomwepo, mlendo! Chilolezo chili kuti?"

"Shii! Musagwedezeke."

"Akulowa popanda..."

"Ndati musagwedezeke! Wasiya buluku."

"Agwa."

"Sagwa. Bwera, mama. Bwera kuno. Bambo a mapasa, akuyenda! Mwana akuyenda!"

Dzandi, dzandi, manja m'mwamba ngati woledzera wokondwa, Kamzime anadutsa pabalaza n'kudzagwera pamaondo a amayi ake, akuseka ndi mano ake awiri.

Mayi anamuyang'anitsitsa mwanayo.

"Kodi mapasa aja anayamba liti kuyenda?"

"Munali pa makina. Ndinakuitanani."

"Ndinati chiyani?"

"Munati, aziyenda, ndimalize mkonowu."

Mvula inkagwabe. Mayi anali atakweza manja m'mwamba ngati wogwidwa ndi katundu wakuba, mwana akukwera yekha pamiyendo pawo.

"Alonda."

"Wawa."

"Ndingamugwire?"

Mlonda anavula chipewa, anakanda pamutu, anachivalanso. "Lamulo likuti inu musagwire kanthu. Iye ndi amene wayamba kukugwirani. Mlanduwo uli pakati pa iye ndi anesi."

Mayi anamukumbatira. Mwana analowetsa chala m'kamwa n'kutsamira pachifuwa. Nawonso mayi anatsamira, koyamba masana onsewo, msana n'kumira m'khushoni.

"Ii! Mpandowu ndi wofewa chonchi?"

"Munausankha nokha."

"Ndimangokumana nawo popukuta fumbi."

Mlonda anayang'ananso pazenera. Ulendo uno sanamenye sawatcha. Anayang'anitsitsa, kukamwa kuli yasa.

"Bwanji? Lipoti."

"Palibe."

"Nkhope yanuyo ili ndi lipoti."

"Pachingwe paja... yunifomu yanga inalipo?"

"Shati ndi jekete. Zili kumapeto, pamene madzi a padenga amagwera."

"Mawa m'mawa abwana akuyendera alonda onse!"

"Nkhani yabwino, bambo a mapasa. Mukakhala woyera kuposa anzanu. Wonyowa, koma woyera."

"Si zoseka izi." Anatembenukira m'kolido, n'kufuula. "Iwe Nyundo! Siya! Siya jombo zangazo!"

"Akutani?"

"Athiramo madzi! Akukanda ufa m'jombo zanga!"

"Nkhani yabwino. Ana anu ali ndi luso, adzakhala ophika buledi."

"Ndikavala chiyani kuntchito?"

"Zofewa m'kati. Paja mumadandaula kuti zimakupanani."

"Nanga madzulo ano tidya chiyani?"

"Nyemba. Zapsa ndithu. Munanena nokha."

Mlonda anayenda uku ndi uku pakhomo pomwepo, ngati tambala womangidwa mwendo. Kenako anaima chambali n'kutambasula dzanja mwaulemu.

"Mayi a mapasa, ndaiona nkhaniyi bwinobwino. Mwapuma mokwanira. Geti ndatsegula."

"Zikomo. Sindikutuluka."

"Pang'ono pokha. Mungoanula shati, muwalande jombo, basi mubwerere."

"Anesi anati ndisagwire kanthu."

"Anesi sali pano. Sitiwauza."

"Aa! Mlonda wakatangale! Kuntchito mumateronso?"

"Posachedwapa munkalimbana nane kuti mudzuke!"

"Muja sindinkadziwa kuti mpandowu uli ndi potsamira."

"Nyumba igwa, munanena nokha!"

"Ndakhala ndikuimvetsera. Nyemba zapserera, ufa watha, mwana wametedwa, mvula yanyowetsa zonse. Denga likadali pomwepo. Ine ndinkaganiza kuti ndimaligwira ndine, kani lili ndi misomali yake."

"Akazanga, chonde."

"Tamverani, amunanga. Ndikadzuka, bipi ikwera. Ikakwera, bedi. Ndikapita ku bedi, mutsala inu, Nyundo, Msomali, ndi uyu amene wayamba kuyendayu."

Kukhitchini kunamveka phwaa! Kenako kuseka kwa anthu awiri.

Mlonda anacheukira kukhitchini. "Sabata yathunthu?"

"Yathunthu."

"Ndi Lamlungu lomwe?"

"Ndi Lamlungu lomwe."

"Khalani pansi! Musagwedezeke!" Anakoka kampando kakang'ono n'kukalowetsa kunsi kwa mapazi awo. "Mukumva kuzizira? Ndikufunditseni? Ganizani nyerere!"

"Ndikuganiza. Inu thamangani."

Anafika pakhomo, n'kuima. "Koma geti silikhala lopanda mlonda."

"Bweretsani chipewacho. Ndi wenzulo."

"Simugwira kanthu."

"Ndivekeni."

Anawaveka chipewa, chinatsikira m'maso. Anawakoleka wenzulo m'khosi.

"Mudzilondera nokha?"

"Ayi. Ndilondera inu. Pano ndikuona khitchini, ndikuona kolido, ndikuona pazenera."

Mlonda anathamangira panja, anabwera shati ili paphewa, madzi ali chuchuchu. Analowa m'kolido, jombo imodzi anailanditsa, inayo inathawa ndi Msomali. Anakhotera kukhitchini.

"Chokolopera chimakhala kuti?"

"Pamene chakhala chikwatirane chathu."

"Ndiko kuti?"

"Ganizani zabwino, muchipeza."

"Mphikawu wakakamira! Ndiutani?"

"Unyikeni."

"Ndaunyika. Kenako?"

"Kenako mukauyang'ane ngati nyerere. Nkhani yabwino, bambo a mapasa."

"Ayi, ayi, chonde."

"Nyundo wakutsegulirani botolo la mafuta ophikira. Simuvutika nalo."

"Lili kuti?"

Khuu!

"Mwalipeza?"

"Ndaterereka! Msana wanga!"

"Pumulani pansi pomwepo pang'ono. Kupuma n'kwabwino, ine ndayesa."

"Iwe Msomali, tsika pamimba panga! Mayi a mapasa, inu zonsezi mumachita nthawi imodzi?"

"Ndi diresi pamwamba."

"Muli ndi manja angati?"

"Lero ndilibe ndi limodzi lomwe."

"Nyundo walowa m'kabati!"

"Ndiye mukudziwa pamene ali. Mwayi umenewo ine sindiupeza kawirikawiri."

"Ndiwasambitse kaye kapena ndikolope kaye?"

"Mapanga awiri avumbwitsa. Sankhani chimodzi, chinacho chidikire. Ine ndaphunzira lero, inu phunzirani pompano."

Anaika wenzulo pakamwa n'kuuzira pang'ono, fyo, kungomuyesa. Kamzime sanadzuke. Mayi anatseka maso, ndipo phokoso la kukhitchini linkamveka ngati la kwa aneba.

Mvula itakata, pakhomo panamveka kugogoda. Anesi analowa ndi chikwama chawo, ananunkhiza utsi, anayang'ana mapazi oyera a ufa odutsa pansi ponse, kenako anaona mayi ali nyomi pampando, mapazi m'mwamba, chipewa cha mlonda chili pamphuno, mwana ali m'tulo pachifuwa. Anakulunga lamba pamkono, kamakina kanafufuma, kanaphwa.

"Yatsika," anatero anesi. "Bedi lija simulifunanso. Koma mawa muchite chimodzimodzi, ndi mkujanso."

"Mwamva, bambo a mapasa?" mayi anaitana osatsegula maso. "Nkhani yabwino! Akuti tizichita tsiku lililonse!"

Mlonda anatulukira kukhitchini ali mbuu kuyambira kumutu mpaka kumapazi, shati yonyowa ili m'khosi, Nyundo kukhwapa uku, Msomali kukhwapa uko, phazi limodzi lili m'jombo yofufuma. Anafuna kumenya sawatcha, koma manja onse anali ndi eni ake.

"Anesi."

"Bambo."

"Bedi munanena lija."

"Musade nkhawa, akazi anu salifunanso."

"Ndamva. Musalipereke kwa wina."